Nkhope Imene Inkafewa M'chigafa

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 4 tinkakhala pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Kapondo. M'nyumba tinalimo atatu: agogo, amalume ndi ine. Tenanti anali amalume, mlongo wawo wa amayi anga. Ndiwo ankadziwika kwa kapitawo, ndiwo ankalandira feteleza ndi chimanga chodya. Agogo ankasoka fodya. Ine ndinkapita kusukulu masiku amene masamba othyola anali ochepa, ndipo masiku ena ndinkatuta masambawo kuchoka kumunda kupita nawo kuchigafa.

Abambo sindinawadziwe. Amayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, tili pa esiteti ina ku Kasungu, ndipo anaikidwa kumapeto kwa manda a eni mudzi, kumene amaika alendo. Titachokako sitinabwererekonso. Chithunzi chawo panalibe, sanajambulitsepo. M'nyumba mwathu sankatchulidwa. Palibe anachita kuika lamulo. Kungoti tsiku lina nditawatchula, agogo anadzuka n'kupita kukatunga madzi zidebe zonse zili zodzaza, ndipo ine ndinamva.

Chimene ndinatsala nacho chinali nkhope yawo, m'mutu mwangamu. Sinali nkhope yathunthu. Ndinkaiona kuchokera pansi, mmene mwana amamuonera munthu amene akumusambitsa. Chibwano chaching'ono. Diso limodzi lotsika pang'ono kuposa linzake, ngati lili ndi tulo. Kadzenje pakati pa mlomo wa m'munsi, kamene kankaoneka bwino akamaluma ulusi. Sindinkaiganizira kawirikawiri. Ndinkangodziwa kuti ilipo. Ndikatseka maso n'kuifuna, inkabwera.

M'teremu yachiwiri, mvula ili pakati, kusukulu kwathu kunabwera aphunzitsi achitsikana ochokera ku koleji kudzayeserera ntchito. Tinkawatcha madamu aang'ono. Anapatsidwa phunziro la zaluso. Aphunzitsi akale ikafika nthawi ya phunziroli ankangotituma kudambo kukakumba dongo kuti tiumbe ng'ombe, iwo n'kukhala pansi pa mtengo kumachonga makope. Koma chaka chimenecho dambo linali litasefukira, ndipo ahedi analetsa ana kupitako.

Tsiku lina madamu aang'onowo analowa m'kalasi atanyamula beseni, mapaketi a mchere ndi theka la thumba la fulawa. Fulawayo anali wa ku Zambia, wa m'matumba amene anyamata a njinga amadutsa nawo m'njira zachidule. Anali atafumbwa, ndipo mayi wina wokazinga mandasi pamsika anafuna kumutaya.

"Lero tipanga dongo lathulathu," anatero madamu. "Dongo la ufa."

Anasefa fulawayo, anathira mchere wambiri, kenako madzi pang'onopang'ono, n'kuyamba kukanda. Kalasi yonse inaimirira. Unali mwezi wa Febuluwale, ndipo ambiri a ife tinali titabwera osalawa kanthu.

"Madamu, mafuta ali kuti?" anafunsa mtsikana amene ankakhala pambali panga. Anali wa m'mudzi, osati wa pa esiteti, ndipo pakamwa pake sipankatsekeka. "Ife mandasi opanda mafuta sitidya."

"Bwera udzalawe."

Anapita, anatsina kachidutswa n'kuponya m'kamwa. Nkhope yake inakwinyika nthawi yomweyo. Anathamangira pakhomo kukalavula, kalasi yonse n'kufa nako kuseka.

"Mwaononga chakudya, madamu," anatero akupukuta lilime ndi kolala ya yunifolomu. "Mulungu akukuonani."

"Mcherewo ndi woti chisawole," anayankha madamu. "Komanso ndi woti iwe usadye."

Aliyense analandira mbulu wa dongolo waukulu ngati nkhonya. Anatiuza kuti tiumbe munthu mmodzi wa kwathu, mutu ndi mapewa basi, chifukwa miyendo imathyoka.

Ine sindinachite kusankha. Anzanga ankakambirana, wina akuti aumba abambo ake ndi chipewa chawo, wina akuti aumba mlamu wake wa mano otuluka. Ine ndinangopeza kuti ndayamba ndi chibwano. Dongo la ufa ndi lofewa kuposa la kudambo, lilibe timiyala, limamvera chala. Ndi kamtengo ka machesi ndinatsitsa diso limodzi. Ndi chikhadabo ndinadinda kadzenje pamlomo. Nditamaliza ndinakweza chidolecho pamwamba pa mutu wanga kuti ndichione kuchokera pansi.

Anali iwo. Sindinalire, sindinasangalale. Ndinangoona kuti chimene chinali m'mutu tsopano chili m'manja.

"Ameneyo ndani?" anafunsa mtsikana wa pambali panga uja.

"Munthu."

"Munthu wakoyo ali ndi tulo."

Tisanaweruke madamu anatiuza za kaumitsidwe kake. "Mukafika kunyumba mukachiike pamthunzi, pamalo podutsa mphepo. Padzuwa ayi, chingang'aluke. Chikauma chimalimba ngati mwala. Mudzabwere nazo zitauma, chifukwa aphunzitsi anga a ku koleji akubwera kudzaona mmene ndikuphunzitsira, ndipo ndikufuna pakona apo padzaze."

Ndinachikulunga m'tsamba la nthochi n'kupita nacho kunyumba.

Agogo ndinawapeza pakhonde akusoka fodya. Anachiyang'anira patali, manja osaleka ntchito.

"N'chiyani chimenecho?"

"Cha kusukulu. Ndi fulawa ndi mchere."

"Fulawa? Mwezi uno?" Anatsonya. "Kusukulu kwanuko misala yakwanira."

Amalume ndiwo anachitenga n'kumachitembenuza m'manja. Iwo ankanditcha abwana osayankhula, ndipo ankayankhula m'malo mwa ife tonse atatu.

"Abwana osayankhula andiumbira mkazi," anatero. "Taonani amayi, mpongozi wanu uyu. Sadya, sayankha, sapita kwawo. Ndi amene ndinkafuna."

Sanazindikire kanthu, ndipo ine sindinawauze. Ndinangobwereza zimene madamu ananena za mthunzi ndi mphepo.

"Pamthunzi podutsa mphepo? Nanga si chigafa chimenecho? Fodya yense wa bwana amauma mmenemo, kakanike kamunthu kakoka?"

Chigafa ndi denga lalitali la udzu loimikidwa pansanamira, lopanda makoma. Masamba osokedwa amapachikidwa m'mizere kuchokera pansi mpaka kudenga, ndipo mphepo imadutsa pakati pake usana ndi usiku. Kwa ife matenanti chilichonse chofuna kuuma chinkapita kumeneko: zovala, nkhuni, nsapato za amalume, masamba ofutsa. Khitchini tinalibe. Nyumba za pa esiteti zinali za chipinda chimodzi, ndipo tinkaphika pakhonde. Ana onse a matenanti a m'kalasi mwathu anaika zidole zawo m'chigafa tsiku limenelo, palibe amene anafunsa mnzake.

Amalume anamangirira kathabwa pansanamira ina yapakati, pamwamba poti mbuzi zisafikepo. Ndinaimika chidolecho pamenepo, nkhope itayang'ana pansi pang'ono, kuti ndikaima m'munsi ndiziiona bwino.

Tsiku lotsatira dzuwa linatuluka masana. Nditabwera kumunda ndinapeza khungu la chidole litayera, litauma. Ndinachigogoda ndi chikhadabo, chinalira pang'ono. Ndinaganiza kuti zatheka.

M'mawa mwake kunacha ndi mvumbi. Ndinapeza chidole chili thukuta lokhalokha, timadontho tamadzi pachipumi ndi m'masaya. Nditachikhudza, chala chinalowa. Mphuno inali itatsetsereka kufika pamlomo, kadzenje kaja katatsekeka.

Tonsefe tinkadziwa kuti mchere umakoka madzi, chifukwa m'dzinja mchere wa m'kabotolo unkasanduka phala. Tinkadziwanso kuti fodya wa m'chigafa amauma masana n'kufewanso m'mawa. Amalume ankakukonda kufewako, chifukwa m'mawa ndi pamene tsamba limagwirika ngati nsalu, osaphwanyika, ndipo ndi pamene ankatsitsa fodya wouma. Chigafa chimatulutsa chinyezi masana n'kuchilowetsanso usiku, ndipo fodya amafuna zomwezo. Zinthu ziwirizi tinkazidziwa paderapadera. Palibe amene anaziphatikiza.

Ndinatsitsa chidolecho, ndinakhala pamwala, ndinatseka maso. Nkhope ija inabwera. Ndinatenga kamtengo ka machesi n'kubwezera mphuno pamalo pake, ndinadindanso kadzenje. Sizinavute. Ndinachibwezera pakathabwa n'kupita kukatuta masamba.

Mvumbi sunachoke. Dzuwa likati lituluke pang'ono masana, chidole chinkachita khungu. Kukacha chinkakhala chitafewanso, nkhope itayenda. Tsiku lina chibwano chinkakhala chitaphwa, tsiku lina tsaya limodzi litagwa. M'mawa uliwonse, amalume asanayambe kuitana, ndinkakhala pamwala uja n'kukonza. Ndinkatseka maso, kuona, kutsegula, kudinda. Kenako kutseka, kuona, kutsegula.

Sindikudziwa kuti zinayamba tsiku liti. Ndinangoona kuti ndikatseka maso nkhope ikuchedwa kubwera. Ikabwera inkabwera yoyererako, yosalala, yopanda timabowo ta pakhungu. Kale inkabwera ndi mkono wonyowa ndi fungo la sopo. Tsopano inkabwera yokha, yodukira m'mapewa.

M'mawa wina ndinapeza maso onse awiri atatsetsereka mofanana. Ndinakhala ndi kamtengo m'manja osadziwa kuti lotsika lija linali liti. Ndinatseka maso. Chimene chinabwera chinali chidole, monga momwe chinalili m'manja mwangamo. Ndinadikira. Chinakhalabe chidole. Ndinatsitsa diso lakumanja n'kuchikweza pamwamba pa mutu. Sanali iwo. Ndinalibweza, ndinatsitsa lakumanzere. Sanali iwonso.

Ndinamva ngati mwendo umene wachita dzanzi chifukwa chokhalitsa pansi, woti ukautsina sumva. Amalume anaitana. Ndinapita kumunda, ndinatuta masamba mpaka madzulo, ndinadya, ndinagona.

Nditapitanso kusukulu ndinapeza ana a m'mudzi atabwera nazo zawo. Zinali zolimba, zakuda ndi mwaye. Mtsikana wa pambali panga uja ankagogoda pansi ndi mutu wa abambo ake.

"Tinawaika pansanja, pamwamba pa moto, pamene amayi amasungira mbewu," anatero. "Ada pang'ono, koma iwonso ndi akuda kale. Chako chili kuti?"

"Sichinaume."

"A pa esiteti nonse zanu sizinaume. Inu mumangodziwa kuumitsa fodya wa eni ake."

Madamu atamva kumene tinaziika anagwira pakamwa. Anati vuto ndi lawo, anaiwala kuti ndi nthawi ya mvula, ku koleji ankaumitsira mu uvuni. Anatiuza kuti tikaziike pafupi ndi moto koma osati pamoto, ndipo amene zake zawonongekeratu asadandaule. Ambiri anali atataya kale. Zina zinachita chuku, zina mbuzi zinanyambita mpaka kutha.

Ine ndinaganiza zosiya kuchigwira. Ndinkaona kuti nthawi iliyonse imene ndakonza, kenakake kamachoka m'mutu n'kusabwereranso. Ndinati chikhale momwemo, chotsalacho chitsale. Koma kuseri kwa khosi kunayamba timadontho tobiriwira. Pakhonde pathu moto unkayaka kanthawi kochepa, mphepo ikuwomba ndipo mvula ikulowa cham'mbali. Panalibe poti n'kuchiika. Kuchisiya m'chigafa chikanawola, kuchikonza chinkasintha.

M'mawa wina amalume ali pamwamba akutsitsa fodya, ine ndili pansi kulandira, ndinafunsa.

"Amalume, amayi diso lawo lotsika linali liti?"

Anasiya kutsitsa. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana pakathabwa. Anatsika pang'onopang'ono n'kukaima patsogolo pa chidolecho nthawi yaitali.

"Ndiye kuti amenewa ndi achemwali?"

"Ee."

"Ine n'kumati ndi mkazi wanga." Anayesa kuseka, sizinatuluke. Anapukuta manja pa buluku. "Diso lotsika? Anali ndi diso lotsika?"

"Ee."

"Mwina pamene ankadwala. Ine nkhope sindigwira, abwana. Ndimakumbuka mawu. Ankandikalipira kuyambira m'mawa." Anakanda m'mutu. "Agogo ako usawauze zimenezi."

Kuseri kwa mzere wa masamba ndinali nditaona kale mapazi a agogo. Anali atabwera kudzapachika fodya amene anasoka dzulo lake. Mapaziwo anaima pamenepo kanthawi, kenako anatembenuka n'kutuluka. Tsiku limenelo sananene chilichonse, ndipo tsiku lotsatira sananenenso.

Lamulungu agogo sanapite kutchalitchi. Amalume atanyamuka, iwo anapita kwa mayi wa nyumba yoyandikana nafe n'kubwera ndi poto wakuda wophikira chigumu ndi kachidutswa ka lata. Anasonkha moto pakhonde ndi nkhuni zikuluzikulu, za makala. Anatenga mchenga wa kumtsinje n'kuukazinga m'chiwaya mpaka unasiya kutuluka nthunzi.

"Katenge chinthu chako chija," anatero.

Ndinakachitenga. Anatambasula miyendo n'kuchiika pachitenje, pakati pa mawondo. Anachiyang'ana kuchokera pamwamba, mmene munthu amamuyang'anira mwana amene wamugoneka pamiyendo. Ndi mpeni anapala chuku cha kukhosi. Ndinaganiza kuti athera pomwepo.

Kenako anaika chala chachikulu patsaya.

Zala za agogo zinali zakuda ndi utomoni wa fodya, umene suchoka ngakhale ndi mchenga. Anakankha masaya onse awiri kuti atuluke. Analinganiza maso. Anaphwetsa mphuno pang'ono, anakulitsa chipumi. Ankagwira mofulumira, osakayika, ngati mmene ankasokera masamba. Atafika pamlomo anadutsitsa chala kamodzi, pamlomopo n'kusalala.

"Agogo, pamenepo panali kadzenje."

"Panalibe."

"Akamaluma ulusi kankaoneka."

"Ndinabala ine. Ndinayamwitsa ine. Iwe undiuze za mlomo wake?"

Anapitiriza kuumba, ndipo patapita kanthawi anayamba kuyankhula, osati kwa ine kwenikweni.

"Chipumi ndi ichi, cha bambo ake. Tsitsi linkayambira kutali. Makutu ang'onoang'ono, ngati a mbewa. Anzake kuchitsime ankamuseka, iye n'kumabwera akulira, chidebe atachisiya komweko." Anatsina khutu kuti lichepe. "Kudya ndiye ankadya. Masaya awa."

Sanayankhulepo zambiri chotero za amayi, kale kapena pambuyo pake. Ndinkamvetsera, koma maso anga anali pa chidole. Nkhope imene inkatuluka pansi pa zala zawo inali ya mtsikana wonenepa, wa masaya odzaza, wamng'ono kuposa madamu aang'ono aja. Sindinkamudziwa. Ndinadzamvetsa nditakula kuti agogo ankaumba mwana wawo wa kumudzi ku Phalombe, asanakwatiwe, asanayambe kuyenda m'maesiteti, asanadwale. Ine amene ndinkamudziwa anali wina, wowonda, wa zaka zomaliza.

Ndikanatha kuchilanda. Chinali pafupi, chinali changa. Ndinaliganiza ganizo limenelo, linadutsa. Ndikanachilanda sindikanadziwa choti ndibwezerepo. Ndinakhala pomwepo nditagwira lata.

Agogo anathira mchenga wotentha uja pansi pa poto, anagoneka chidole chagada, anandilanda lata n'kuvundikira. Pamwamba pa lata anaika makala, pansi pa poto anasiya ochepa chabe.

"Moto waulesi," anatero. "Ukachuluka chitupa n'kuphulika."

Zinatenga masana onse. Ankachotsa makala ena, kuwonjezera ena, kutsegula pang'ono kuti nthunzi ituluke, kuchitembenuza ndi timitengo tiwiri. Mvumbi unkagwa kunja kwa khonde. Fungo linayamba kutuluka, fungo la buledi, n'kuyenda mzere wonse wa nyumba za matenanti. Ana anayamba kubwera mmodzimmodzi n'kuima m'mphepete mwa khonde, manja kumbuyo.

"Agogo, mukuphika chigumu?" anafunsa wamkulu mwa iwo.

"Chokani apa. Ndikuphika munthu."

Anayang'anana n'kuthawa. Wamng'ono anagwa m'matope, anadzuka osalira, n'kupitiriza kuthamanga.

Amalume anabwerako kutchalitchi mochedwa, atadutsira kwa anzawo. Anapeza agogo akutulutsa chidole ndi kansanza. Chinali chofiirira ngati kunja kwa buledi, chitang'aluka pang'ono kunkhongo. Pamasaya panali mawanga otuwa pamene zala za agogo zinadutsa, ndipo utomoni uja unali utapsera momwemo. Amalume anawerama n'kuvula chipewa.

"Eya," anatero motsitsa mawu. "Ndi iwowo. Pamene tinali kumudzi. Amayi, mwawatenga ndithu."

Chitazizira agogo anachigogoda ndi msana wa mpeni. Chinalira ngati mwala. Anandipatsa.

"Kapereke kusukulu."

Anatsuka poto, anakabweza kwa mwini wake, anabwera n'kukhala pansi kusoka fodya ngakhale linali Lamulungu.

Ndinachikweza pamwamba pa mutu wanga, iwo asakuona. Kuchokera pansi chinali mtsikana yemwe uja.

Mwa ana onse a pa esiteti, ine ndekha ndinabwera nacho cholimba. Madamu anasangalala, anachiika kutsogolo kwa zinzake pakona, pa katebulo koyalidwa pepala la buluu. Tsiku limene aphunzitsi awo a ku koleji anabwera, bambo wamkulu wa magalasi, anayenda m'kalasi monse akuyang'ana zimene zinapachikidwa kukhoma. Atafika pakona anatola changa.

"Wapanga ichi ndani?"

Madamu anandiloza. Ndinaimirira.

"Wachita bwino kwambiri. Ameneyu ndani?"

"Mwana wa agogo anga."

Anaseka. "Ndiye kuti amayi ako, kapena azakhali?"

"Amayi."

"Ukawauze kuti ndi okongola."

Ndinati ee n'kukhala pansi. Mtsikana wa pambali panga anandigunda ndi chigongono. "Wamudzutsa munthu wako uja," anatero. "Tulo tatha."

Masiku otsatira ndinayesa kangapo. Ndinkatseka maso kumunda, ndili pakati pa mizere ya fodya. Ndinayesa kubafa, nditakhala pansi pamwala, mutu nditaupendeketsa m'mwamba, madzi akutsika kumaso. Nthawi zonse inkabwera nkhope yofiirira ya masaya odzaza, ndi mawanga ake otuwa. Ndinkakumbuka kuti kunali diso lotsika, ndinkakumbuka kuti kunali kadzenje, koma ndinkazikumbuka ngati zinthu zimene munthu wina anandiuza. Patapita nthawi ndinasiya kuyesa. Mpaka lero nkhope yakale ija sinabwerenso.

Mvula inatha. Fodya anauma, anasankhidwa, anadindidwa m'mabelo n'kupita kumsika. Madamu aang'ono anabwerera ku koleji. Zidole zinatsala pakona paja, ndipo palibe amene ananena zoti titenge. Ine sindinafunse. Ndinkachiona tsiku lililonse ndikalowa m'kalasi, monga ndinkaonera bolodi ndi tsache.

Fodya atagulitsidwa amalume sanagwirizane ndi kapitawo, ndipo anapeza malo pa esiteti ina cha ku Chiosya. Sukulu zinali zitatsekera. Tinayamba kumanga katundu. Kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke, agogo akupinda mphasa, anafunsa osandiyang'ana.

"Chija chili kuti?"

"Chiti?"

"Chija ndinaphika."

"Chili kusukulu."

"Sunachitenge?"

"Ayi."

Anasiya mphasa ili yopinda theka. Anamanga duku, anavala nsapato zawo za kutchalitchi.

"Tsogola."

Agogo anali asanapondepo pasukulu imeneyo. Tinayenda m'njira ya m'mphepete mwa dambo, limene tsopano linali litaphwa, ng'ombe zikudya pakati. Pasukulu panalibe munthu. Nyumba ya ahedi inali yotseka, ndipo mayi wina amene ankaswa mtedza pafupi anati apita ku boma, abwera sabata yamawa. Chitseko cha kalasi yathu chinali ndi loko wamkulu.

Mawindo a kalasiyo anali a njerwa zamabowo. Agogo anali aafupi. Ndinawakokera njerwa ziwiri, anakwerapo atagwira phewa langa, n'kuika diso pabowo.

"Mbali iti?"

"Kumanzere, pakona. Pa katebulo."

Anayang'ana nthawi yaitali. Dzanja lawo linkalemera paphewa panga. Kenako anasuntha diso kupita pabowo lina, la pafupi ndi kona.

"Makoswe adya za anzako," anatero. "Wina watsala chipewa chokha."

"Nanga chathu?"

"Ali pompo. Sanamukhudze." Anakanikiza diso pabowo. "Fumbi lokha."

Analowetsa dzanja m'bowomo mpaka m'chigongono. Katebulo kanali kutali, ngakhale ndi ndodo sakanafikako. Anatulutsa dzanja, anaikanso diso.

"Bwera udzaone."

Anatsika, ine ndinakwera. M'kalasi munali mdima pang'ono, kuwala kukulowa m'timabowo. Ndinaona katebulo, pepala la buluu litatuwa, zidutswa za zidole zili mbwee. Pakati pake panali mtsikana uja, atayang'ana kukhomo.

"Wamuona?"

"Ndamuona."

"Ndi amako amenewo."

"Ee."

Ndinatsika n'kubweza njerwa pamene ndinazitenga. Agogo anakwezanso khosi kuyang'ana kumabowoko, koma ali pansi sakanaona kanthu. Anafunsa mayi wa mtedza uja ngati ahedi angalole kuti munthu adzatenge kanthu m'kalasi sukulu zikatsegulira. Mayiyo anati sakudziwa, mwina. Agogo anagwedeza mutu ngati ayankhidwa. Tonse awiri tinkadziwa kutalika kwa Chiosya kwa munthu woyenda pansi.

Pobwerera anavula nsapato n'kuzinyamula m'manja. Ankayenda patsogolo, ine pambuyo. Titafika tinapeza amalume atamanga kale mapoto m'thumba, akufunsa kumene tinapita. Agogo anati tinakaona munthu. Anagwada n'kumaliza kupinda mphasa ija.